Matenda a Eni M'kabuku ka Fatimah

Dokotala Msiska atapuma pantchito n'kubwerera kwawo ku Rumphi, amene anadandaula kwambiri sanali odwala ayi, koma abale a odwala. Mkuluyo kabuku ka kuchipatala sankakawerenga. Ankangotsegula pomwe pali malo, n'kufunsa kuti, "Chavuta n'chiyani lero?" basi n'kumalemba, maso ali pa bolopeni. Kaya walowa ndi wamtali, kaya wamfupi, kaya mtsikana wa dzulodzuloli, malinga pachikuto palembedwa kuti Fatimah Idrissa, kwa iwo ameneyo anali Fatimah Idrissa.

Fatimah weniweniyo anali telala mumsika wa Kawale, mayi wa zaka makumi anayi ndi zisanu ndi ziwiri, wodwala shuga kwa zaka khumi ndi chimodzi. Mwamuna wake, Che Idrissa, ankayendetsa lole ya kampani ina ku Kanengo, ndipo kampaniyo inkalipirira wantchito, mkazi wake ndi ana aang'ono pakiliniki ina ku Biwi. Koma inu mukudziwa mmene chibale chimakhalira m'tauni muno. Sikimu yolipirira kuchipatalayo inati mkazi mmodzi, abale anamva kuti akazi onse a mtundu wawo. Mlamu akadwala, kabuku. Mphwake wa Che Idrissa akabwera kuchokera ku Mangochi ndi chifuwa, kabuku. Mankhwala a shuga a mwini wakeyo ankangomutengera Che Idrissa pochokera kuntchito, moti panatha chaka ndi theka Fatimah asanakaone kabukuko ndi maso. Akati ang'ung'udze, yankho linali limodzi: chibale ndi fupa, sichiwola. Iye ankangoti mumtima, fupalo siliwola inde, koma mnofu uli pafupapo ndi wanga.

Tsopano mnofuwo unali utayamba kuwoladi. Masabata asanu ndi awiri m'mbuyomo anaponda kamsomali atavala patapata, osamva n'komwe, anangoona magazi pasimenti. Chilonda chinakhazikika pansi pa chala chachikulu cha phazi lamanja, phazi lopondera makina. Anatsuka ndi madzi amchere, anathirapo ufa wa kapisozi, anamanga ndi zidutswa za nsalu zotsala posoka, koma chilonda chinkangokula mwakachetechete. Fungo lake ndiye linkamusowetsa mtendere. Kasitomala akayandikira kuti ayese siketi, Fatimah ankabisa phazi kuseri kwa makina, n'kuyamba kunyoza ngalande ya kuseri kwa msika.

Lolemba m'mawa analimba mtima n'kukwera kabaza mpaka ku Biwi. Nesi wa pawindo anamuyang'ana m'manja asanamuyang'ane kumaso.

"Kabuku kali kuti, amayi?"

"Ndakaiwala kunyumba," anatero Fatimah, chonsecho sankadziwa n'komwe kumene kali.

"Ndiye mwabwera kudzationa chabe. Adokotala atsopanowa, a Chisale, odwala shuga ndi bipi akuwaona mmodzimmodzi ngati oyamba kumene. Inu ndakulembani Lachinayi, eyiti koloko. Mubwere ndi kabuku, mankhwala onse amene mukumwa, ngakhale a kwa asing'anga, ndipo m'mawa wakewo musadye kanthu." Nesiyo anatsitsa mawu. "Ndikuuzenitu, awa si a Msiska. Amayamba tsamba loyamba mpaka lomaliza, ndipo amafunsa."

Za phazi Fatimah sananene. Anachita manyazi kumasula nsanza pamaso pa anthu a pamzere. Atafika kunyumba anakhuthula sutikesi, anatembenuza matiresi, kabuku osaoneka. Anaimbira foni mwamuna wake, yemwe anali pamsewu wa ku Mchinji, ndipo mkuluyo anangoti, "Funsani a Raisa," n'kudula.

Raisa anali mlongo wake wa Che Idrissa, wogulitsa nsomba zouma mumsika wa Chilinde. Lachiwiri m'mawa Fatimah anatsimphina pakati pa mabenchi mpaka kumupeza atakhala kuseri kwa mulu wa usipa, akukupiza ntchentche ndi kanthu kachikasu. Fatimah anaima, akuyang'ana kanthuko kakukwera ndi kutsika. Kanali kabuku kake.

"Alamu! Mwatulukira m'mawa muno, kwagwanji?"

"Ndabwerera chimene mukukupizira ntchentchecho."

"Iii, kabuku komweka mpaka kukwerera minibasi? Mukanangoimba foni." Raisa anakapukuta pantchafu, mbali iyi ndi iyo, ngati zimenezo zithandiza.

Chikuto chinali chitamwa mafuta a nsomba mpaka dzina la Fatimah kuoneka ngati lili pansi pa madzi. Ngodya imodzi makoswe anali atalawa. Atatsegula, munagwa mamba, kenaka anapeza mphemvu yophwanyika pakati pa masamba, yowuma, ndevu zake zili chiimire. Tsamba lina linali ndi manambala a mafoni a anthu oodetsa nsomba, lina linali ndi banga lofiirira lomwe Fatimah sanafune kudziwa kuti ndi la chiyani. Munthu wamkulu, wa ana ake, kumagwira chinthu chotere n'kukagwiranso nsomba zoti anthu adye!

"Mukabwerako mundibwezere," anatero Raisa. "Lachisanu ndikufuna ndikatenge za mphumu zanga."

"Dokotala wasintha. Uyu amawerenga zonse, ndipo amafunsa."

"Ndiye mukangovomera zonsezo. Kuvomera mphumu kunaphapo ndani? Mukalowa mukapume mokoka pang'ono, chonchi." Raisa anatukula mapewa n'kulira pachifuwa ngati nkhuku ya chitopa, mpaka mayi wa benchi yoyandikana anaseka. "Shuwa alamu, musakalakwitse. Achimwene akachotsedwa ntchito, tonse tilowera kuti? Ndipotu ine musandide, kabukuka kangobwera kwa ine mwezi wathawu. Chaka chatha chonse kanali ndi eni ake, achimwene."

Fatimah anakanyamula ndi zala ziwiri, n'kukaponya m'jumbo, n'kumanga pakamwa. M'minibasi anaika jumbolo pansi, pafupi ndi phazi lodwalalo, poti zonunkha zikhale malo amodzi.

Chichewa ankawerenga bwino, koma zolemba za madokotala, zija zimakhala ngati nkhuku yapalasa, zinkamukanika. Choncho masana anagogoda kwa aneba ake, a NyaGondwe, mzamba wopuma pantchito wochokera ku Ekwendeni, mayi woti pakamwa pake sipadziwa kuzungulira. A NyaGondwe asanagwire kabuku ananunkhiza m'mwamba.

"Nsomba ndazimva. Koma chinacho si nsomba. Masulani phazi."

Fatimah anamasula. Nsalu yomaliza inali itamatirira, ndipo itachoka mafinya anatsatira. A NyaGondwe sanatseke mphuno, anaona zambiri pamoyo wawo. Anatenthetsa madzi, anatsuka, anamanga ndi bandeji yeniyeni, kenaka anamuyang'ana m'maso.

"Mama, ndinene poyera. Ichi chikapanda mankhwala oyenera sabata ino, adula. Sindikunena chala, ndikunena phazi. Muzisoka ndi chiyani? Bweretsani kabukuko tione zomwe dokotalayo akawerenge."

Anayala nyuzipepala patebulo ya pakhonde, anavala magalasi, n'kuvala majumbo m'manja. Fatimah anatulutsa kachitini ka mapini kuti tsamba lililonse lomwe ndi lake alibaye pini. Oyamba atatu anali osavuta: tsiku lomwe anamupeza ndi shuga, miyezo ya shuga, ndi opareshoni. Kuchokera pamenepo, ndiye munali msonkhano.

"Apa akuti muli ndi mphumu."

"Raisa."

"Zilonda za m'mimba."

"Zulaikha, mphwake wa Raisa wa ku Nsungwi."

"Apa anakuzulani mano atatu. Tayasamulani." Fatimah anayasamula. "Onse alipo. Mwamera ena, Mulungu ndi wamkulu."

"Amenewo ndi apongozi anga."

"Nanga chinzonono ichi?"

Fatimah anatembenuka n'kulavulira m'maluwa. Anamukumbukira mtsikanayo, wachibale wa ku Makanjira yemwe anakhala nawo miyezi iwiri n'kumati akumva malungo. Malungo ake amenewo! Ndiye kuti zaka zonsezi manesi a ku Biwi ankamupatsa moni iye, mayi wovala mpango wake bwinobwino, akudziwa kuti m'kabuku mwake muli zimenezi.

A NyaGondwe anabwerera kuchikuto cham'kati n'kuloza mawu a inki yofiira, ozunguliridwa kawiri. "Koma choopsa ndi ichi. Akuti penisilini amakuwengani."

"Ine ayi. Ndi Raisa yemweyo, anatupa nkhope ngati chitumbuwa."

"Dokotala sadziwa Raisa. Adziwa zofiirazi. Mankhwala ena amene akanakuthandizani pachilondapo akawasiya, poopa kukuphani. Mwaona? Iye akachiza mayi wa m'kabukumu, ndipo mayi ameneyu kulibe."

Anapitiriza kutsegula, koma atafika cha kumapeto anasiya nthabwala. Anavula magalasi, anawapukuta, anawavalanso.

"Fatimah, chiberekero anakuchotsani liti?"

"Patha zaka zisanu ndi zinayi. Si tsamba ndabaya pini lija?"

"Ndiye pano pali chozizwitsa. Chaka chatha munapita ku sikelo kanayi. Mu Novembala munabereka mwana wamwamuna, wa makilo atatu. Akuyamwa bwino. Mu Januwale munabayitsa jakisoni wolera."

Fatimah anayamba kuwerenga abale pa zala. Raisa anasiya kubereka kalekale. Mwana wotsiriza wa Zulaikha ali sitandade wani. Mtsikana wa ku Makanjira anapita ku Joni. Zala zinatha, mwini mimba osapezeka. A NyaGondwe anatembenuza kabukuko n'kukankhira kwa iye. Masiku ano mayi akabwera ku sikelo ndi mwamuna wake amadumpha mzere, ndipo mwamunayo amalemba dzina lake pansi. Dzina linalipo. Fatimah zolemba za madokotala sankazidziwa, koma dzanja ili ankalidziwa kwa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi zitatu.

Anadzuka, anazungulira kuseri kwa bafa la aneba, n'kusanza tiyi wa m'mawa yense. Sinali nsanje ayi. Nsanje inabwera pambuyo, ndipo inali yochepa. Chomwe chinamugwira pakhosi chinali kunyansidwa: mkazi wina, wosamudziwa ngakhale nkhope, anagona pabedi la kuchipatala, anavula, anayezedwa, anabuula, anakhetsa magazi, ndipo nthawi yonseyi manesi akumuitana kuti Fatimah, iye n'kumavomera. Anamva ngati wina wavala kabudula wake wam'kati n'kumubwezera osachapa.

"Ndingogula kabuku katsopano pageti," anatero atabwerera pakhonde, akupukuta pakamwa. "Aka ndikaponye m'chimbudzi."

"Mukaponya ndi zaka khumi ndi chimodzi za shuga wanu," anatero a NyaGondwe. "Ndiponso zonsezi zili m'kaundula wawo. Njira ndi imodzi, mukanene zoona. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, mama. Wamva m'mimba pano ndinu."

Che Idrissa anafika Lachitatu dzuwa lisanalowe, atanyamula jumbo la mbatata za ku Mchinji. Anasamba, anaswali, anakhala pampando wake. Fatimah anawaikira chakudya, ndipo pambali pa mbale anaika kabuku, katatsegulidwa pa tsamba la sikelo. Mkuluyo anayang'ana, dzanja lili m'madzi osamba m'manja, ndipo linakhala m'madzimo nthawi yaitali.

"Abiti Jamal," anatero potsiriza, kumuitana ndi dzina la bambo ake monga ankachitira akafuna kumunyengerera, "chotsani chinthu chonunkhachi pachakudya, tikambe ngati akuluakulu."

"Chakununkhirani lero? Ndani ameneyu?"

"Ndi Salama. Amakhala ku Area 23. Si chibwenzi ayi, ndinamanga ukwati kwa shehe, mboni zinalipo. Ndimafuna kukuuzani, koma ndi shuga wanuyu ndinkaopa kuti mungagwe."

"Ndiye munandimvera chisoni. Zikomo. Chipembedzo chinakulolani mkazi wachiwiri, bambo a Zaki, sindikutsutsa. Koma chinakulolaninso kumuveka dzina langa? Kumuberekera m'kabuku mwanga?"

"Sikimu imalola mkazi mmodzi. Mumafuna akachire pansi ku chipatala cha boma, pamene kabuku kangokhala?"

Kangokhala! Fatimah anayang'ana phazi lake lomwe linali pakampando, bandeji yoyera ikuonekera patali. Munthuyu chilowereni m'nyumba sanafunse kuti bandejiyo ndi ya chiyani.

Che Idrissa anakankha mbale n'kusendera pafupi. Tsopano analankhula ndi mawu a munthu wophunzitsa mwana madarasa. Anati mwanayo analembedwa kale ku ofesi ngati mwana wa Fatimah. Dokotala watsopanoyu akatulukira, alembera kampani, ndipo kampani pa nkhani zotere simva za pepani: chaka chatha anachotsa dalaivala wina chifukwa cha magalasi a maso chabe omwe anatengera m'bale wake.

"Ntchito ikatha, sikimu yatha. Mankhwala anu a shuga muziwatenga kuti? Ganizani bwino. N'zosavuta, mungoloweza. Anabadwa pa 14 Novembala, m'mawa. Akuyamwa. Wayamba kukhala pansi. Dzina lake ndi Jamal."

"Ndani?"

"Jamal. Ndinatchula bambo anu, kuti pamapepala zioneke bwino. Komanso ndi ulemu kwa malemu."

Fatimah anaganiza za malemuwo. Bambo ake, munthu wopala matabwa yemwe anamwalira asanadyepo cha mwini, dzina lawo kulisandutsa chidindo chobera kuchipatala, n'kumati ulemu.

"Bwerezani. Pa 14 Novembala."

"Ndamva."

"Mawa ndipita nanu. Mukasokoneza ndizikuthandizani."

Choipa n'chakuti mkuluyo sananame pa zonse. Ntchito ikatha, sikimu yathadi. Fatimah anakhala kuchipinda akusonkhanitsa mankhwala monga ananenera nesi: mapilitsi a shuga, panado, makapisozi a pagolosale, kabotolo ka mafuta akuda omwe anagula kwa munthu wina wa pa depoti, ndi mizu ya apongozi yomwe inali itachita nkhungu m'nyuzipepala. Akuika m'jumbo chimodzichimodzi, anadzimva milomo ikuyenda yokha. Pa 14 Novembala, m'mawa. Akuyamwa. Wayamba kukhala pansi. Anadzinyansidwa yekha kuposa mmene ananyansidwira kabuku, chifukwa ankaloweza bwino ndithu.

Lachinayi anafika ku Biwi nthawi isanakwane, Fatimah m'mimba muli gwa ndi njala, Che Idrissa atavala kanzu yoyera ndi kofia, akununkhira mafuta abwino. Pamzere ankamugwira mkazi wake pamkono, amayi ena n'kumanong'onezana kuti amuna achikondi akadalipo.

Dokotala Pemphani Chisale anali mayi wachitsikana, wochepa thupi, woti mumsika ukanamutuma madzi. Anawapatsa moni mwaulemu, anathira mankhwala a m'jumbo patebulo n'kuwasiyanitsa, mizu ndi mafuta akuda n'kuzikankhira kumapeto. Kenaka anavala magolovesi n'kutsegula kabuku. Anayambadi tsamba loyamba. Mapini atatu aja anawaona, anakweza nsidze, koma anapitirira. Masamba ena anali atamatirananso ndi mafuta, tsamba la opareshoni ndi limodzi mwa iwo, ndipo iye anawadumpha poopa kung'amba.

"Amayi, mwavutika ndi zambiri," anatero. "Mphumu ikumabwera kangati pamwezi?"

"Mwa apo ndi apo," anayankha Che Idrissa msangamsanga. "Makamaka kukazizira."

"Ndikufunsa amayiwa, bambo. Mwana akuyamwabe?"

Fatimah anamva bondo la mwamuna wake likumugunda. Mawu oloweza aja anali okonzeka palilime. "Eya," anatero motsitsa.

"Pa msinkhu wanuwu, ndi shuga, munali ndi mwayi. Chabwino. Poti mukuyamwitsa, ndiponso penisilini amakuwengani, mankhwala ena sindingakupatseni. Tisankha mwa otsalawo. Chakuvutani kwambiri pakali pano n'chiyani?"

"Phazi."

"Kwerani pabedipo timasule."

Bandeji itachoka, fungo linadzadza kachipindako nthawi yomweyo. Chilonda chinali chitada m'mbali, pakati pali potuwa, chala chitatupa ngati mbatata yophika. Dokotala anawerama pafupi osasintha nkhope. Fatimah anayang'ana kwa mwamuna wake. Che Idrissa anali atavula kofia n'kutseka nayo mphuno ndi pakamwa, nkhope atalozetsa kuwindo, akumeza malovu ngati munthu wadutsa pa galu wakufa. Aka kanali koyamba kuti alione phazilo, ndipo sanathe kuliyang'ana kawiri. Apa ndi pamene Fatimah anatopa. Munthu ameneyu amuberekere mwana wabodza, amupumire mphumu yabodza, apereke phazi, iye akutseka mphuno?

"Adokotala, musanalembe, taonani apa."

Anamasula chitenje pang'ono n'kukweza bulauzi. Chipsera chinali chakale, choyera, chotambalala pansi pa mchombo.

"Chiberekero anachotsa zaka zisanu ndi zinayi zapitazo. Tsamba lake ndi lomwe lamatiriralo. Ine sindikuyamwitsa munthu. Mphumu ndilibe, mano anga onse alipo, penisilini ndamwapo kambirimbiri. M'kabukumo zanga ndi za mapini zokhazo. Zinazo ndi za eni, ndipo za mwanayo afunseni bambowa."

"Abiti Jamal!" Kofia inachoka pamphuno. "Adokotala, musawamvere, ndi njala imeneyi, shuga akatsika amayankhula zosokonekera."

Dokotala anatenga lumo laling'ono, analekanitsa masamba omatirana aja mosamala, n'kuwerenga. Kenaka anayang'ana Che Idrissa nthawi yaitali, mpaka mkuluyo anayamba kukonza kanzu yomwe inali yokonzeka kale.

"Bambo, mukadikire panja."

"Tikambirane kaye, mwana wanga. Ntchito yanga..."

"Za kabukuka sindingazibise, zipita kumene ziyenera kupita. Koma zimenezo si za lero. Lero ndili ndi wodwala. Tsekani chitseko mukatuluka."

Che Idrissa anatuluka. Pachitseko anatembenuka n'kumuyang'ana mkazi wake ndi maso oti tikaonana kunyumba, ndipo Fatimah anadziwa kuti za ku Biwi kuno mwina zatha lero, mwinanso ndi za kunyumba zomwe. Mantha anamugwira, asaname. Koma nseru yomwe inamukhala pakhosi chiyambire Lachiwiri inali itatsika.

Dokotala anaika kabuku kachikasu m'jumbo la mizu ija n'kutenga pepala loyera. Anamufunsa zonse kuyambira pachiyambi, zaka, ana, chakudya, tsiku la msomali, ndipo Fatimah anayankha zake zokhazokha. Zinatha msanga, sizinadzadze ngakhale tsamba limodzi. Kenaka dokotala anatenga kawaya kopyapyala ngati ulusi wa nayiloni.

"Tsinzinani. Ndikakugwirani munene."

Fatimah anatsinzina n'kudikira. Anadikirabe.

"Mwamva?"

"Simunayambe."

"Ndayamba. Apa?"

"Ayi."

"Apa?"

"Ayi."

Fatimah anaganiza za makina ake atavundikiridwa ndi chitenje mumsika, ndi mayunifomu khumi ndi awiri omwe sanawapinde m'munsi. Kenaka, pakati pa phazi, anamva kakuyabwa kakang'ono ngati nyerere.

"Apo! Apo ndamva."

"Apa?"

"Eya. Ndi apo."

Dokotala analemba kamzere ndi bolopeni pakhungu pomwepo, n'kuwongoka.

"Amayi, sindikunamizani. Mukanabwera mwezi watha tikanakamba zina. Lero mugona m'chipatala, tiyamba jakisoni wamphamvu tsopano lino, poti ndadziwa kuti thupi lanu limamulola. Chala ichi sindikukulonjezani. Phazi tilimbana nalo."

Fatimah anatsegula maso n'kuyang'ana chalacho, chotupa, chakuda, chomwe anayenda nacho zaka makumi anayi ndi zisanu ndi ziwiri. Misozi inatsika, iye osaipukuta. Kenaka anatsitsa phazilo pang'ono, anaika chidendene pa chitsulo cha kumapeto kwa bedi, n'kuyesa kuponda kutsogolo ndi kumbuyo, chala chili m'mwamba, monga amapondera makina. Linkapweteka, koma linkayenda.

"Bayani," anatero, akupinda dzanja la bulauzi.